PHUNZIRO 14: CHILUMBA CHA LIKOMA, KOKACHEZA NDI KOKACHITA MALONDA

Anzathu ophunzira, ife a ku Tsangano ndi ku Macanga ndife anthu a kumapiri. Timadziwa khasu, mphepo yozizira ya mwezi wa Juni, ndi ngolo yodzaza mbatata ya kachewere. Ambiri mwa ife sitinakwerepo bwato. Lero tiwerenga za anthu amene amalankhula chinenero chathu chomwechi, koma mudzi wao uli pakati pa madzi. Tiphunzira kumene amakhala, zimene amadya, zimene mlendo angaone, ndi zimene munthu ayenera kulingalira asanaike ndalama zake m'malonda a kumeneko.

Werengani pang'onopang'ono. Mukafika pa mau ovuta, imani, mufunse mnzanu kapena mphunzitsi.

1. Kodi chilumba nchiyani?

Chilumba ndi mtunda wozunguliridwa ndi madzi mbali zonse. Anthu a kunyanja amatinso chisumbu. Munthu sangafike pa chilumba ndi njinga kapena ngolo. Ayenera kukwera bwato, ngalawa, sitima ya pamadzi, kapena ndege.

Kumpoto chakum'mawa kwa kwathu kuno kuli nyanja yaikulu. Ku Mozambique timaitcha Nyanja ya Niassa. Ku Malawi amaitcha Nyanja ya Malawi. Nyanjayi imakhudza maiko atatu: Mozambique, Malawi ndi Tanzania. Kutalika kwake kumapitirira makilomita 500, ndipo pamalo ena kuya kwake kumafika pafupifupi mamita 700. Madzi ake alibe mchere. Muli mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi.

M'nyanja imeneyi muli zilumba ziwiri zokhalamo anthu ambiri. Chachikulu ndi Likoma. Chaching'ono ndi Chizumulu. Likoma ali pafupi ndi gombe la chigawo cha Niassa, moyang'anana ndi mudzi wa Cobué, pa mtunda wosakwana makilomita 10. Munthu ataima pa Likoma amaona bwino mapiri a dziko lathu.

2. Chilumbachi ncha yani?

Madzi ozungulira Likoma ndi Chizumulu ndi a Mozambique, koma zilumbazo ndi za Malawi. Izi zimadabwitsa anthu ambiri. Chifukwa chake chili m'mbiri.

M'zaka za m'ma 1880 amishoni a mpingo wa Anglican ochokera ku England anakhazikitsa likulu lao pa Likoma. Anali a bungwe lotchedwa UMCA. Anasankha chilumba chifukwa kumtunda kunali nkhondo ndi malonda a akapolo, pamene pa chilumba panali potetezeka. Tsono pamene Angerezi ndi Apwitikizi anagawana maiko mu 1891, gombe la kum'mawa linapita kwa Apwitikizi, koma zilumba zinatsala m'manja mwa Angerezi chifukwa cha mishoni ija. Mu 1954 anagwirizananso kuti malire adutse pakati pa nyanja, koma zilumba sizinasinthe mwini. Malawi atalandira ufulu mu 1964, zilumbazo zinakhala za Malawi. Lero Likoma ndi Chizumulu ndi boma limodzi, laling'ono kuposa maboma onse a dzikolo.

Malire alipo, koma chibale sichinathe. Mabanja ambiri a pa Likoma ali ndi abale ku Cobué ndi m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja. Amakwatirana, amaikana maliro, amagulitsana zinthu. Pa nthawi ya nkhondo, anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja ku Niassa anaoloka nathawira pa Likoma, monga mmene ena a ife tinathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza mpaka mtendere unabwera mu 1992. Kotero nkhani ya anthu amenewa si yachilendo kwa ife.

3. Moyo wa pa chilumba

Likoma ndi wamng'ono. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 1,800. Chizumulu ndi mahekitala pafupifupi 300. Pa kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 14,527 pa zilumba ziwirizi. Munthu wamphamvu angathe kuyenda pansi kuchokera kunsonga ina ya Likoma kufika kunsonga ina tsiku lisanapendeke.

Nthaka yake ndi ya mchenga ndi miyala. Pali milambe yaikulu yambiri ndi mitengo ya mango. Chimanga sichichita bwino monga kwathu kuno. Anthu amalima chinangwa m'timinda ting'onoting'ono, ndipo nsima ya chinangwa amaitcha kondowole. Chakudya cholimidwa pa chilumba sichikwanira anthu onse. Chimanga, nyemba, mpunga, ndiwo zamasamba, nkhuni, nsungwi ndi udzu wofolera, zambiri zimachokera kumtunda, ku Mozambique ndi ku Malawi.

Munda weniweni wa anthu a pa Likoma ndi nyanja. Amuna amapita ndi mabwato ndi khoka lotchedwa chilimira. Usiku amayatsa nyali kuti usipa usonkhane. Amaphanso utaka, kampango ndi nsomba zina. M'mawa akazi amalandira nsomba pa gombe. Amaziyanika pa thandala, zina amaziwamba, zina amazifutsa, kenaka amazilonga m'matumba ndi m'madengu kuti zipite kumisika ya kumtunda. Usipa wouma umene timagula pa msika wa kwathu umachokera m'nyanja imeneyi.

Msodzi amayang'ana mphepo monga mlimi ayang'ana mitambo. M'nyengo yozizira kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera. Mwera ukakula, mafunde amakula, ndipo mabwato ang'ono amakhala pa gombe masiku angapo. Masiku amenewo nsomba zimasowa ndipo ulendo umaima.

4. Zimene mlendo angaone

Choyamba ndi tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera. Anayamba kuchimanga mu 1903, ndipo chinapatulidwa mu 1911. Ndi chachitali pafupifupi mamita 100. Anthu a pa chilumba ndi a m'mbali mwa nyanja ndiwo anaphwanya miyala, kuumba njerwa ndi kusenza katundu. Malo amene chinamangidwa amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mpaka lero anthu amapempheramo. Pafupi pake pali chipatala cha mpingo ndi masukulu.

Sukulu inafika msanga pa Likoma. Chifukwa cha ichi, ana a pa chilumba chaching'onochi anakhala aphunzitsi, ansembe, makalaliki ndi anamwino m'maiko ambiri. Analibe minda yaikulu, koma anali ndi pensulo. Ife amene tikuphunzira kuwerenga titakula kale, tiikumbukire mfundo imeneyi.

Chachiwiri ndi nyanja yeniyeniyo. Madzi ake ndi oyera, ndipo munthu amaona pansi. M'miyala muli tinsomba ta mawanga okongola totchedwa mbuna. Alendo ochokera kutali amalipira ndalama kuti asambire ndi kuona tinsomba timeneti. Nthawi zina pamwamba pa nyanja pamaoneka chinthu chonga utsi wakuda. Si moto ai. Ndi tizilombo touluka totchedwa nkhungu. Anthu amatigwira ndi madengu natipanga ndiwo.

Chachitatu ndi magule. Amuna amavina malipenga atavala zoyera, akuimba ndi zipanda. Akazi amavina chioda. Ife tili ndi ngoma ndi gule wamkulu. Iwo ali ndi zao. Mlendo waulemu amapempha chilolezo asanajambule anthu.

5. Kafikidwe kake

Sitima yodziwika kwambiri pa nyanjayi ndi Ilala. Inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa, nilumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Yakhala ikunyamula anthu, chimanga, simenti, malata ndi nsomba pakati pa Monkey Bay, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay ndi madoko ena. Palinso maboti ena amene amayenda pakati pa Nkhata Bay ndi zilumbazi. Pa Likoma pali bwalo la ndege zing'onozing'ono.

Munthu wochokera ku Tsangano ali ndi njira ziwiri. Angathe kuoloka malire pa Biri-Biri kapena pa Calómuè, napita ku Monkey Bay kapena ku Nkhata Bay kukakwera sitima. Angathenso kupita ku Lichinga, kutsikira ku Metangula, kufika ku Cobué, ndi kuoloka pa boti. Njira zonse ziwiri ndi zazitali ndipo zimadya ndalama.

Kumbukirani kuti Likoma ndi dziko lina. Tengani chiphaso choyendera, ndipo mukadinditse kwa a zolowa ndi kutuluka. Ndalama ya kumeneko ndi kwacha. Funsani tsiku la sitima musananyamuke, chifukwa masiku amasintha. Tengani neti yogonamo, chifukwa kunyanja kuli malungo ambiri kuposa kumapiri kuno. Musasambe pa madzi odikha a m'mabango, pamene pamakhala nkhono zofalitsa likodzo. Musakwere boti lodzaza koposa muyeso, ngakhale mwini wake akukakamizeni.

6. Kuika ndalama m'malonda

Mpamba ndi ndalama imene munthu amayambira malonda. Phindu ndi imene imatsala atachotsa mpamba ndi zonse zimene waononga. Mlimi akagulitsa mbatata, tirigu kapena fodya, amakhala ndi ndalama m'manja kamodzi pa chaka. Ndalama imeneyo ndiyo ya feteleza, ya mbeu, ya sukulu ya ana ndi ya matenda. Akaiika pamalo olakwika, banja lonse limagona ndi njala. Nchifukwa chake tiyenera kulingalira bwino.

Malonda amayenda pamene wina ali ndi chimene mnzake alibe. Ife tili ndi mbatata ya kachewere, nyemba, anyezi, kabichi ndi chimanga. A pa chilumba ali ndi nsomba. Nyumba zogona alendo za pa Likoma zimafunanso chakudya chabwino tsiku ndi tsiku. Apa pali mwai. Koma si katundu aliyense angapirire ulendo wautali. Nyemba, anyezi ndi mbatata zimakhalitsa. Matimati ndi mapichesi amaola msanga. Sitima ikachedwa masiku atatu, mwini matimati walira.

Njira zina zoikira ndalama ndi izi: kugula nsomba zouma ndi kukazigulitsa kumtunda, kuthandizana ndi msodzi kugula injini ya boti, kutsegula kanyumba kodyera kapena kogona alendo, kukonza mainjini, mafoni ndi magetsi a dzuwa. Munthu wodziwa ntchito ya manja amafunika pa chilumba, chifukwa chinthu chikaonongeka, kukachikonzetsa kumtunda kumatenga masiku.

Tsono zoopsa zake nazi.

Choyamba, ulendo umadula. Thumba lililonse limalipiridwa pa galimoto, pa malire, pa sitima, ndi kwa wosenza. Munthu wosawerengera zimenezi amaganiza kuti wapindula pamene waluza.

Chachiwiri, msika ndi waung'ono. Anthu 14,527 ndi ochepa. Amalonda asanu akafika ndi anyezi tsiku limodzi, mtengo umagwa.

Chachitatu, alendo sabwera chaka chonse. Amachuluka m'chilimwe, nachepa m'dzinja. Mu 2020, matenda a Covid-19 atatseketsa malire, alendo anasiya kubwera, ndipo anthu ambiri ogwira ntchito m'nyumba za alendo m'mbali mwa nyanja anakhala opanda malipiro.

Chachinai, nsomba zili ndi malire. Chambo chachepa kwambiri m'nyanjayi chifukwa cha kupha kopitirira muyeso. Ena amapha nsomba ndi neti ya udzudzu, imene imakokolola ndi ana omwe. Zimenezi nzoletsedwa. Pali miyezi imene boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti nsomba ziswane. Mu 2011 boma la Mozambique linaika mbali yathu ya nyanja kukhala malo otetezedwa. Munthu woika ndalama mu usodzi woononga ali ngati mlimi wokazinga mbeu yake.

Chachisanu, pali malamulo. Mlendo wochita malonda m'dziko la eni amafunika chilolezo, ndipo katundu wooloka malire amalipira msonkho. Wozembetsa katundu angathe kulandidwa zonse tsiku limodzi.

7. Nkhani ya malo

Pa chilumba malo ndi ochepa, ndipo malo abwino koposa ndi gombe. Pa gombe ndi pamene asodzi amakocheza mabwato, akazi amayanika nsomba, kuchapa ndi kutunga madzi. Pomweponso ndi pamene womanga nyumba ya alendo amafuna. Akamanga mpanda mpaka m'madzi, mudzi umatsala wopanda njira ya kunyanja. Akagwirizana bwino ndi mudzi, ana a pamudzi amapeza ntchito, alimi ndi asodzi amapeza msika, ndipo gombe limakhalabe la onse.

Malo sagulidwa monga mbuzi pa msika. Ku Malawi malo a m'midzi ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja, ndipo malamulo salola munthu wa dziko lina kungogula. Kwathu ku Mozambique nthaka ndi ya Boma ndipo sigulitsidwa. Munthu amalandira ufulu wogwiritsa ntchito malo, wotchedwa DUAT. Lamulo la Nthaka la mu 1997 limati mudzi uyenera kufunsidwa malo asanaperekedwe kwa wobwera.

Phunziro ili likutikhudza ifenso. Tsiku lina munthu adzafika ku Tsangano kapena ku Furancungo ndi galimoto ndi mapepala, nadzapempha dambo, phiri kapena kasupe wathu. Adzalonjeza ntchito, mjigo ndi sukulu. Mwina adzakhala munthu wabwino, mwina ai. Mudzi wodziwa kuwerenga udzawerenga pepalalo usanasaine. Udzafunsa kuti: Mahekitala angati? Zaka zingati? Ng'ombe zathu zidzamwa kuti? Lonjezo lalembedwa pati? Munthu wodinda chala pa pepala limene sanawerenge angathe kupereka munda wa zidzukulu zake osadziwa.

8. Malangizo asanu kwa wofuna kuyamba

Pitani kaye mukaone ndi maso anu. Musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene simunamuone.

Yambani ndi zochepa. Matumba awiri akaonongeka, banja silifa. Matumba makumi awiri akaonongeka, munda wa chaka chamawa wapita.

Musakhudze ndalama ya mbeu ndi feteleza. Kambiranani m'banja, mwamuna ndi mkazi, musanatulutse ndalama.

Gwirizanani. Alimi khumi akasonkha katundu natuma anthu awiri okhulupirika, mtengo wa ulendo umagawika.

Lembani zonse m'kope: tsiku, katundu, mtengo, ndi dzina la wokongola. Pangano lililonse likhale lolembedwa, pamaso pa mboni. Akulu anati, safunsa anadya phula.

Mau atsopano

Werengani mokweza, kenaka lembani m'kope lanu:

chi-lu-mba, nya-nja, go-mbe, bwa-to, si-ti-ma, mwe-ra, u-si-pa, tha-nda-la, mpa-mba, phi-ndu, mso-nkho, chi-pha-so, pa-nga-no.

Mafunso

1. Kodi chilumba nchiyani?
2. Tchulani zilumba ziwiri zimene tawerenga.
3. Nchifukwa ninji Likoma ali wa Malawi pamene madzi omuzungulira ndi a Mozambique?
4. Anthu a pa Likoma amagula chiyani kuchokera kumtunda? Nanga amagulitsa chiyani?
5. Tchalitchi cha Petro Woyera anayamba kuchimanga chaka chanji?
6. Tchulani zoopsa zitatu zimene wamalonda angakumane nazo.
7. Nchifukwa ninji kupha nsomba ndi neti ya udzudzu kuli koipa?

Masamu

Manambala a ndalama ali m'munsiwa ndi ongoyerekeza, kuti tiphunzire kuwerengera.

1. Likoma ndi mahekitala 1,800. Chizumulu ndi mahekitala 300. Pamodzi ndi mahekitala angati?
2. Sitima ya Ilala inayamba kuyenda mu 1951. Inali itayenda zaka zingati pofika mu 2021?
3. Mlimi wanyamula matumba 10 a mbatata. Kwao thumba limodzi akanagulitsa mametikali 1,000. Pa ulendo wonse waononga mametikali 4,000. Kunyanja wagulitsa thumba lililonse pa mtengo wofanana ndi mametikali 1,600. Walandira zingati? Chotsani za ulendo. Kodi waposa ndi zingati ndalama imene akanapeza kwao?
4. Bwerezani samu yomweyo, koma matumba awiri aola panjira. Kodi tsopano wapindula kapena waluza? Ndi zingati?

Zokambirana m'magulu

Khalani anthu asanu asanu. Gulu lililonse lisankhe mlembi.

1. Kodi pamudzi pathu pali chiyani chimene mlendo angafune kudzaona?
2. Ndi mbeu ziti za kwathu zimene zingapirire ulendo wa masiku anai?
3. Munthu atabwera kudzapempha malo pamudzi pathu, ndi mafunso ati amene tingamufunse? Ndani ayenera kukhalapo pa msonkhano umenewo?

Ntchito ya kunyumba

Funsani wogulitsa usipa pa msika wa kwanu kuti usipa wake amautenga kuti, ndipo umadutsa m'manja mwa anthu angati usanafike kwa inu. Lembani mayankho ake m'ziganizo zisanu. Mubwere nazo pa phunziro lotsatira, tidzawerengere limodzi.